Mankhwala Atasiya Kugwira Ntchito

A Dickson Mulepa anali wolawa tiyi pa fakitale ya esiteti ina ya ku Thyolo. M'mawa uliwonse ankapeza makapu oyera atandandalikidwa pa tebulo lalitali, kapu iliyonse ili ndi tiyi wa mtundu wake. Iwo ankadutsa ndi sipuni, n'kumapsontha pang'ono, kuzunguza palilime, kenako kulavulira m'chitini. Akatero ankapita kukauza a kowumitsira kuti moto wachuluka, kapena kukadandaula kwa akapitawo kuti masamba a dzulo anathyoledwa okhwima. Anali a mpingo wa Sabata, umene suloleza anthu ake kumwa tiyi, ndipo anzawo akamawaseka pa nkhani imeneyi ankangoyankha kuti, "Munandionapo ndikumeza?"

Akazi awo, a Teleza, ankathyola tiyi m'minda ya esiteti yomweyo, dengu kumsana, pulasitiki m'chiuno. Agogo a onse awiri anachokera ku Mozambique kudzafuna ntchito, ndipo awiriwa akakhala okha m'nyumba ya kampani ankayankhulana Chilomwe, makamaka akamakangana kapena akamaseka. Mwa ana awo atatu, amene anapita patali ndi sukulu anali Salome. Iyeyu anali namwino pa chipatala cha mishoni, ndipo anakwatiwa ndi mphunzitsi komweko.

Matenda anayamba m'nyengo ya chiperoni, chaka cha 2006. A Dickson, munthu amene ankamaliza yekha mbale ya chinangwa ndi nandolo, anayamba kukankha mbale atangotafuna pang'ono.

"Bambo a Salome, ndiwo zaipa?" a Teleza anafunsa tsiku lina.

"Ayi, zakoma. Koma ndakhuta."

"Mwakhuta chiyani? Kodi kuli kumene mukumadya masiku ano?"

A Dickson anaseka, n'kugwira pamwamba pa mimba. "Chilungulira basi. Chitha."

Sichinathe. Ku kiliniki ya pa esiteti anawauza kuti mwina ndi zilonda za m'mimba, n'kuwapatsa mapiritsi otafuna. Mapiritsiwo ankaziziritsa m'mimba kwa kanthawi, ululu n'kubwereranso. Pofika nyengo yotentha, thalauza linali litayamba kuwakhwepa, masaya atalowa. Masiku amenewo munthu akamaonda chonchi anthu ankaganiza chinthu chimodzi chokha. A Teleza anayamba kuona kuti akafika pa mpopi amayi anzawo ankadula nkhani, ena n'kumawayang'ana m'khosi ndi m'manja kuti aone ngati nawonso ayamba kuonda.

Salome atabwera kudzacheza anawayang'ana bambo ake kwa nthawi, n'kunena kuti onse awiri akayezetse magazi. Anapita. Kachilombo sikanapezeke mwa aliyense. A Teleza anatuluka m'chipindamo mtima uli m'malo, akufuna komboni yonse imve. Koma atayang'ana nkhope ya mwana wawo anaona kuti sakusangalala.

"Nanga iwe bwanji? Si nkhani yabwino imeneyi?"

"Ndi yabwino, amayi," Salome anatero. "Koma ndiye chikuwadya ababa n'chiyani?"

Yankho linabwera mvula yoyamba itagwa. A Dickson ali pa tebulo lawo la makapu anamva chizungulire, n'kugwada, n'kusanza zinthu zakuda ngati nsenga za tiyi. Anali magazi. Galimoto ya kampani inawatengera ku mishoni, ndipo kumeneko anawatumiza ku chipatala chachikulu ku Blantyre.

Dokotala amene anawalandira anali mayi wamfupi, woyankhula mosathamanga, dzina lake Doris Nampota. Anawalowetsa kapaipi ka nyali pakhosi kuti aone m'chifu, n'kudulako kanyama kokayeza. Zotsatira zitabwera anawaitana onse atatu, a Dickson, a Teleza ndi Salome, n'kutseka chitseko.

"A Mulepa, m'chifu mwanu muli chotupa. Ndi khansa."

A Teleza anali atamvapo mawu amenewa pa wailesi, koma sankadziwa munthu aliyense amene anadwalapo. Anafunsa kuti, "Ndiye muchidula?"

"Tikanakonda kutero, amayi. Koma chagwirana ndi ziwalo zina zapafupi, ndipo tikachikhudza panopa tiwapweteka. Tiyamba ndi mankhwala a m'diripi, amene timati kemo. Ndi amphamvu, awazunza ndithu. Koma akagwira, chotupa chimafota."

Anawazunzadi. Akangomaliza diripi a Dickson ankasanza mpaka m'nthiti kuwawa. M'kamwa munatuluka zilonda, tsitsi linkatsalira pa pilo, zala zinkachita dzanzi moti sankatha kumanga mabatani. A Teleza anapempha tchuthi ku esiteti, ngakhale inali nyengo imene tiyi amachuluka. Ankagona pansi pambali pa bedi, n'kumakaphika ku khitchini ya magadiyani pamodzi ndi amayi a ku Mulanje, a ku Chikwawa, a ku Ntcheu, aliyense ndi kapoto kake ndi nkhani yake. Phala ankalisefa mpaka kukhala ngati madzi, komabe nthawi zambiri linkabwerera momwe lapitira.

Kenako tsiku lina, ali kunyumba kudikira ulendo wina wa ku Blantyre, a Dickson anaitana ali khale pakhonde.

"Amake Salome, kodi nandolo uja anatha?"

A Teleza anaima ndi tsache m'manja. "Mukuti chiyani?"

"Ndikuti nandolo. Ndikumva njala."

Anaphika akulira, misozi ikugwera pa nkhuni. A Dickson anadya theka la mbale, osasanza. Mawa lake anapempha nthochi yowotcha. Atabwerera kwa Dokotala Nampota ndi kujambulidwa, chotupa chinapezeka kuti chafota kwambiri. Dokotala anamwetulira, koma ananena kuti, "Chafota, sichinathe. Tiziwaonabe." A Teleza anamva mawu oyambawo. Otsatirawo anangodutsa.

Miyezi imene inatsatira inali yabwino. Tsitsi linameranso, lofewa, la imvi. Thupi linayamba kubwerera. A manijala anawalola kugwira ntchito mpaka masana okha, ndipo ngakhale poyamba ankati chilichonse chikumveka chitsulo m'kamwa, pang'onopang'ono lilime linabwerera mwakale. Anakonza denga la kanyumba kawo ka kumudzi kwa Changata. Anapita wapansi ku msonkhano wa misasa, n'kuimba nawo besi mu kwaya ya abambo, ndipo abusa anawaimika kutsogolo kuti anthu aone. A Teleza anapereka tambala ndi mkoko wa nthochi monga chothokoza. Amayi aja a pa mpopi tsopano ankawapatsa moni ali patali.

Dzuwa la mwezi wa Okutobala litayamba kuwotcha, a Dickson anakankhanso mbale. A Teleza anaona. Anangochotsa mbaleyo n'kukaima kuseri kwa nyumba kwa nthawi yaitali.

Ku Blantyre anawapatsa mankhwala omwe aja. Kusanza kunali komwe kuja, zilonda zomwe zija, tsitsi linathothokanso. A Teleza ankapirira zonsezi chifukwa ankadziwa chimene chimabwera pambuyo pake: tsiku lina aitana pakhonde kuti akumva njala. Anagula nandolo n'kusunga m'chitini. Koma tsikulo silinafike. Mimba inayamba kutupa pamene manja ndi miyendo zinkauma, ndipo munthu akaika dzanja pansi pa nthiti ankachimva chotupacho, cholimba ngati mwala.

Mchimwene wa a Teleza, a Douglas, anabwera kuchokera kwa Nsabwe kudzaona alamu awo. Atatuluka panja anawakokera mlongo wawo pambali.

"Achemwali, tamaganizani. Mankhwala omwewo, munthu yemweyo, chipatala chomwecho. Chaka chatha anagwira, chaka chino ayi. Mukuona ngati zimenezi n'zachabe? Alipo amene sanakondwe kuti alamu abwerera pa ntchito. Kapenanso kuchipatalako akuwathira madzi m'mabotolomo."

Mawu amenewa anawalowa a Teleza. Choncho tsiku limene Dokotala Nampota anawaitananso onse atatu, iwo ndi amene anayamba kuyankhula, asanakhale n'komwe pansi.

"Adokotala, mundikhululukire, ine sukulu sindinapite. Koma ndikufuna mundiuze zoona. Mankhwala amene mukuwapatsa amuna angawa ndi omwe aja, kapena mwasintha?"

"Amayi!" Salome anatero ndi manyazi.

"Asiye afunse," dokotala anatero. "Khalani pansi, amayi. Ndi omwe aja, mlingo womwewo. Chimene chasintha ndi chotupacho. Ndiloleni ndikufotokozereni mmene ndingathere."

Anakoka mpando n'kukhala moyang'anizana nawo.

"Thupi la munthu linapangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono tamoyo, tosaoneka ndi maso. Timati maselo. Maselowa sakhala chete. Amatumizirana mauthenga nthawi zonse, osati ndi mawu, koma ndi timadzi timene selo limatulutsa linzake n'kulandira. Mukadzicheka ndi mpeni, maselo a pabalapo amauza anzawo kuti chulukanani, titseke apa. Bala likatsekeka amauzananso kuti basi, lekani. Selo likakalamba kapena likawonongeka limauzidwa kuti life, ndipo limamvera."

"Nanga a khansawo?" a Dickson anafunsa. Mawu awo anali atachepa, koma maso anali tcheru.

"A khansa ndi maselo anu omwe, a m'chifu, amene anawonongeka n'kusiya kumva uthenga woti lekani. Amangochulukana. Koma ngakhale samva, kuyankhula sasiya. Amauzana okhaokha kuti tiyeni tikule. Amatumizanso mauthenga kwa maselo abwinobwino oyandikana nawo. Amauza mitsempha ya magazi kuti imere kulowera kwa iwo, iziwabweretsera chakudya. Amauza maselo amene ntchito yawo ndi kuchiritsa mabala kuti pano pali bala, tizungulireni, titetezeni. Ngakhale asilikali a m'thupi, amene akanayenera kuwapha, amauzidwa kuti kuno kulibe mdani."

A Teleza anayang'ana mimba ya amuna awo ngati angamve kanthu.

"Tsono chaka chatha," dokotala anapitiriza, "mankhwala anapha ambiri. N'chifukwa chake chotupa chinafota, a Mulepa n'kuyamba kudya. Koma panatsala ochepa amene anali olimba. Ena ali ndi njira yolavulira mankhwala kunja asanawapweteke. Ena anabisala pakati pa maselo aja owazungulira, amene amawatumizira uthenga woti musafe ngakhale mankhwala afike. Otsalawo ndi amene aberekana. Chotupa chimene chilipo lero ndi ana a amene anapulumuka, ndipo mpanda wowazungulira wakula moti mankhwala amavutika kulowa."

Panja wina ankakankha bedi la mateyala olira.

"Adokotala," a Dickson anatero pang'onopang'ono, "ndiye kuti anga omwe, abwinobwinowo, ndi amene akuchidyetsa chinthuchi?"

"Inde, bambo."

"Akudziwa chimene akuchita?"

"Sakudziwa. Alandira uthenga, ndipo akuchita zimene akhala akuchita moyo wanu wonse mukavulala. Akuyesa kukuchiritsani."

A Dickson anagwedeza mutu n'kuyang'ana pansi. A Teleza ndi amene sanathe kupirira.

"Ndiye atsekeni pakamwa! Ngati vuto ndi kuyankhulanako, apatseni mankhwala oti asamvane!"

"Amayi, mwanena chinthu chimene akatswiri m'mayiko ambiri akuchifufuza panopa," dokotala anayankha. "Akufuna mankhwala odula mauthenga amenewa. Pa makhansa ena ayamba kupeza. Pa iyi ya m'chifu akadali kufufuza, ndipo ine ndilibe choti ndingakupatseni lero. Ndikanakhala nacho sindikanakubisirani."

Salome anafunsa ngati palibe mtundu wina wa kemo. Dokotala anati ulipo umodzi umene angayese kuupeza, waukali kuposa woyamba uja, koma thupi la a Dickson linali litafooka, ndipo ngakhale utagwira ukanangowonjezera kanthawi kochepa.

"Tiyesa," Salome anatero msanga.

"Ayi," a Dickson anatero.

Anakangana panja, pa benchi ya pansi pa mtengo, minibasi za ku Limbe zikuitanira kumsewu.

"Ababa, simungangosiya chonchi. Ine ndaonapo anthu akudzuka pamene tonse tinali titataya mtima."

"Unaonapo wa matenda angawa?"

Salome anayang'ana kumsewu, a Dickson n'kupitiriza.

"Mwana wanga, wamva wekha. Diripi ija ikupha ine, chinthucho ikuchisiya. Ndatopa ndi fungo la wodi. Amayi ako atha mwezi akugona pa simenti, tayang'ana miyendo yawo. Ndikufuna ndipite kwa Changata ndikakhale pakhonde langa."

"Ndiye ine ndinaphunziriranji unamwino? Kuti ndizingokuyang'anani mukufa?"

"Unaphunzira kuti uzithandiza anthu. Undithandize kupita kwathu."

Salome anaimirira, misozi ili mbwembwembwe. "Amayi, auzeni!"

A Teleza anayang'ana mwana wawo, n'kuyang'ana amuna awo. Mumtima ankafuna diripi ina, ndi ina, mpaka tsiku lija la njala libwerenso. Koma anali atawasambitsa m'mawa womwewo, ndipo anaona mmene mafupa a kumsana anatulukira. "Thupi ndi lawo," anatero motsitsa.

Salome anawaperekeza mpaka pa boma la Thyolo osayankhula, n'kukwera galimoto ina yopita ku mishoni. Panapita milungu osabwera.

Kanyumba ka kwa Changata kanali pamtunda, pakati pa nthochi ndi mapeyala, ndipo munthu akakhala pakhonde ankaona minda ya tiyi kutsidya, yobiriwira mpaka kumapiri. M'mawa a Teleza ankawatulutsa pa mpando wa nsungwi n'kuwafunditsa bulangeti. Ana ena awiri aja ankabwera mosinthana. A mpingo ankabwera pa Sabata masana kudzaimba.

A Douglas anabweranso, ulendo umenewu ndi botolo la madzi ofiirira limene anakatenga kwa sing'anga wa kutsidya kwa malire. A Teleza analibisa masiku angapo, kenako analitulutsa.

"Bambo a Salome, ndikudziwa zimene mpingo umanena. Ndikudziwanso zimene adokotala ananena. Koma ine mtima wanga sukhala pansi ndikapanda kuyesa."

A Dickson anawayang'ana kwa nthawi. "Ukufuna ndimwe?"

"Pang'ono pokha."

Anamwa. Pasanapite nthawi anayamba kusanza, mpaka magazi, thukuta lili kamukamu, manja atagwira m'mphepete mwa mpando. A Teleza anawagwira mutu akupepesa m'Chilomwe mobwerezabwereza. Zitadutsa anatenga botolo lija n'kukalikhuthulira kudzala. A Douglas atafunsa, anawayankha kuti, "Achimwene, palibe munthu anawalodza. Zili m'thupi mwawo momwemo, ndinamva ndi makutu anga. Musabweretsenso."

Ululu unakula. Mapiritsi amene anapatsidwa ku Blantyre anasiya kuthandiza, ndiponso kumeza kunali kovuta. A Dickson sankalira mokweza. Ankangoluma nsalu, mapazi akukanda mphasa. A Teleza anatuma uthenga ku mishoni kudzera mwa mayi wina wogulitsa mapeyala: bambo ako akuvutika.

Salome anafika mawa lake dzuwa lili pamutu, pa njinga ya kabaza, yunifomu ili m'thupi. Atalowa n'kuona bambo ake anaima pakhomo, dzanja pakamwa. Kenako anatsegula chikwama n'kutulutsa botolo la mankhwala amadzi opha ululu, amene chipatala chawo chinali chitangoyamba kupereka kwa odwala otere. Anawadonthezera pakamwa ndi sirinji yopanda singano, n'kukhala pansi pambali pawo. Pang'onopang'ono mapazi analeka kukanda, nkhope inamasuka.

"Wabwera, anamwino," a Dickson anatero.

"Ndabwera, ababa."

"Unakwiya."

"Ndinakwiya. Ndikadakwiyabe."

"Chabwino. Ukwiye uli pompano."

Salome anaseka akulira. Anaphunzitsa amayi ake kapimidwe ka mankhwalawo, ndi mmene angawatembenuzire kuti asatuluke zilonda kumsana, ndi mmene anganyowetsere milomo ndi kansalu. Madzulo ake anatenga lezala ndi sopo n'kuwameta ndevu bambo ake pakhonde, mosamala, chifukwa khungu linali litapyapyala. Ali mkati mometa, a Dickson anafunsa funso limene linaoneka kuti akhala nalo nthawi yaitali.

"Zija ananena adokotala zija. Kodi ndinachita chiyani kuti maselowo ayambe kusamva? Ndi tiyi uja?"

"Si tiyi, ababa. Nthawi zambiri kumakhala kachilombo kena kamene kamakhala m'chifu kuyambira munthu ali mwana, n'kumakanda pang'onopang'ono zaka zambiri. Anthu ochuluka ali nako koma sadwala. Mchere wambiri nawonso umawonjezera. Koma palibe anganene kuti chifukwa chiyani inu, osati wina."

"Ndiye palibe wolakwa."

"Palibe."

"Zikanakhala bwino pakanakhala wolakwa," a Dickson anatero. "Bwenzi ndikumukhululukira, n'kumva kuti ndagwira ntchito."

Salome anapukuta sopo ndi thaulo. Kenako anagwira dzanja la bambo ake n'kuliika pamimba pake, pansi pa lamba wa yunifomu.

"Ndimafuna ndikuuzeni mukachira," anatero. "Ndili ndi pakati."

A Dickson anasiya dzanja pomwepo, maso ali kutsidya. A Teleza, amene anali pakhomo ndi beseni, analiika pansi mwakachetechete.

"Adzabadwa liti?"

"Nyengo yotentha ikamayamba."

"Kutali," a Dickson anatero. Anapuma kangapo. "Uzidya bwino. Usamaimirire tsiku lonse ku wodiko."

Kuyambira pamenepo Salome ankabwera pafupipafupi, ndipo kumapeto anatenga tchuthi n'kukhala komweko. A Dickson anasiya kudya, kenako anasiya kumwa. Ankagona nthawi yambiri. Akadzuka ankayankhula Chilomwe chokhachokha, nthawi zina ndi anthu amene anamwalira kale. Tsiku lina anafunsa a Teleza ngati anatseka mbuzi, pamene mbuzi anali atagulitsa kalekale. A Teleza anati anatseka.

Anamwalira mu Epulo 2008, m'mawa dzuwa litakwera, anthu ali m'minda kukolola chimanga. A Teleza anali atawakhazika chowatsamiritsa pachifuwa pawo kuti apume bwino. Mpweya unkabwera, n'kuima, n'kubweranso. Kenako unaima, a Teleza n'kumadikira kuti ubwerenso. Salome anagwira pamkono, anagwira pakhosi, n'kugwada pansi.

"Amayi, apita."

"Dikira kaye," a Teleza anatero. Anakhala choncho atawafungatira mpaka mkono unachita dzanzi, ndipo Salome sanawakakamize.

Maliro anali aakulu. Kampani inatumiza thirakitala yodzaza ndi anthu a ku fakitale ndi a m'minda, kwaya ya abambo inaimba kuyambira kunyumba mpaka kumanda. Mwezi wotsatira a Teleza anapita kukachotsa katundu m'nyumba ya kampani, chifukwa munkayenera kulowa banja lina. Ku ntchito yothyola tiyi sanabwererenso. Anati msana watopa. Anakhala kwa Changata n'kumalima chinangwa ndi kugulitsa nthochi pamsewu.

Mwana anabadwa mu Seputembala ku chipatala cha mishoni, wamwamuna, wolira mwamphamvu. A Teleza anafika ndi ufa wa phala ndi nsalu zatsopano. A Douglas nawonso anabwera, ndipo atamunyamula khandalo anati nkhani ya dzina ndi yosavuta, mwanayu ndi Dickson. Mwamuna wa Salome anavomera. Salome anayang'ana amayi ake.

A Teleza anatenga mwanayo n'kumuyang'ana kumaso kwa nthawi yaitali, akumusisita tsaya ndi chala.

"Ayi," anatero. "Ine sindingathe kumaitana dzina limenelo pabwalo tsiku lililonse, wina n'kumabwera akuthamanga. Sindinafike pamenepo. Mupatseni lake."

Anamutcha Josiah. A Teleza anamubereka kumsana n'kutuluka naye pakhonde la wodi kuti amayi ake agoneko pang'ono.